Nkhope ya Kawalala: Mmene Maphunzilo a Criminology Anayambila

M'makomboni mwathu timakonda kunena kuti "uja aoneka cabe kuti ni kawalala." Timaweluza munthu poona maso ake, cipsela ca pa tsaya, kapena kavalidwe kake. Ambili sitidziwa kuti maganizo amenewa anaphunzitsidwapo pa yunivesite monga sayansi, ndipo kenako anagwetsedwa na sayansi imodzimodziyo. Amene afuna kukaphunzila criminology na psychology ayenela kuidziwa mbili imeneyi.

Nkhani iyambila ku Italy. Mu 1876 dokotala wina, Cesare Lombroso, amene anaphunzitsa pa yunivesite ya ku Turin, anatulutsa buku lochedwa L'uomo delinquente. Iye anali atapima mitu na matupi a akaidi ambili, amoyo na akufa omwe. Anakamba kuti anthu ena amabadwa ali zigawenga kale, ndipo ungawadziwe poona nsagwada zazikulu, makutu aakulu na manja aatali. Maganizo ake anafalikila ku Europe na ku America, cifukwa anali okoma kuwamva: ngati upandu uli m'magazi, ndiye kuti umphawi, njala na ulova zilibe mlandu.

Koma ku England kunali dokotala wa m'ndende, Charles Goring, amene anaganiza zoyesa ngati zimenezi n'zoona. Anapima akaidi pafupifupi 3,000, n'kuwayelekezela na anthu amene sanamangidwepo, monga asilikali na ophunzila a ku Oxford na Cambridge. Mu 1913 anatulutsa zimene anapeza m'buku lochedwa The English Convict. Zizindikilo zija za Lombroso zinapezeka mbali zonse ziwili, mwa akaidi na mwa ophunzila omwe. Lombroso sanayelekezele bwino akaidi na anthu ena, conco zambili zimene anaona pa akaidiwo anaziyesa zizindikilo za upandu.

Nkhope italephela, akatswili anayamba kuyang'ana malo amene munthu akulilamo. Ku Chicago, m'dziko la America, Clifford Shaw na Henry McKay anaika pa mapu nyumba za anyamata amene anaonekela m'khoti kwa zaka zambili. Mu 1942 anaonetsa kuti madela osauka a pafupi na pakati pa mzinda ndiwo anali na milandu yambili nthawi zonse, ngakhale kuti mitundu ya anthu okhalamo inali kusintha. Banja likasamukila ku dela labwino, milandu ya ana ake inali kucepa. Pa nthawi imodzimodziyo, mu 1939, Edwin Sutherland anakumbutsa anzake kuti kuli akuba ovala suti, amene amaba m'maofesi na colembela, koma ndende saziona kawilikawili.

Psychology nayonso inabweletsa funso lake: kodi mboni imene ikuti "ninamuona na maso anga" tingaikhulupilile mpaka pati? Mu 1974 Elizabeth Loftus na John Palmer anaonetsa anthu filimu ya ngozi ya pa msewu, kenako n'kuwafunsa za liwilo la magalimoto. Amene anafunsidwa na liu lotanthauza kuphwanyika anachula liwilo lalikulu kuposa amene anafunsidwa na liu lotanthauza kugundana cabe. Patapita mlungu, ena anakumbukila magalasi osweka amene mufilimumo munalibe. Kafunsidwe ka funso kamasintha zimene munthu akumbukila, ngakhale iye asafune kunama.

Zimenezi zitikhudza kuno kwathu. Kumayambililo kwa 2020, pamene mphekesela za anthu opopela mankhwala m'nyumba zinafalikila kucokela ku Copperbelt mpaka ku Lusaka, anthu ambili anaphedwa na magulu a anthu okwiya. Ena anafa cifukwa anali alendo m'delalo, ena cifukwa wina anakuwa kuti ni ameneyo. Kuweluza nkhope na kukhulupilila mboni imodzi, zinthu zimene Goring na Loftus anazitsutsa na umboni, zinapha anthu amene khoti silinawamvepo.

Malamulo athu ayamba kutsatila njila ina. Mu 2016 dzina la Zambia Prisons Service linasinthidwa kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti nchito ya ndende ni kukonza munthu, ndipo mu December 2022 cilango ca imfa cinathetsedwa. Koma kukonza munthu kufuna anthu odziwa cimene cinamufikitsa kumeneko, ndipo ofufuza milandu afunika kudziwa kufunsa mboni popanda kuiika mau m'kamwa.

Conco inu acinyamata amene muganiza zotenga maphunzilo amenewa, musayembekezele kuti mudzaphunzila kuwelenga maganizo a munthu pa nkhope monga m'mafilimu. Mudzakumana na masamu a statistics, malamulo, na kulemba malipoti aatali. Cacikulu cimene mudzatenge ni cizolowezi ca Goring: wina akakuuzani kuti akawalala onse ali mwakutimwakuti, mumufunse kuti wawayelekezela na ndani, ndipo anawelenga angati.