Phunziro langa la magetsi linafa pamodzi ndi Silverlight

Sabata yatha ndikukonza kabati ya mu labu ndinapeza CD yomwe ndinalembapo ndekha kuti "Lamulo la Ohm, Fomu 3, 2010". Munali fayilo imodzi yothera ndi .xap, ndipo inakana kutseguka. Ena mwa inu mukulikumbukira phunziroli: kabatire, kababu, ndi kamuvi komwe munkakoka ndi mawusi kuti resistance ikwere, babu n'kumazirala. Ndinachezera nalo usiku mwezi wathunthu. Lero ndikuuzeni chomwe chinalipha.

M'zaka za m'ma 1990, browser inkaonetsa makamaka mawu ndi zithunzi zosayenda. Kuti chinthu chiyende kapena chiyankhe munthu akachikhudza, kawirikawiri pankafunika kapulogalamu koonjezera kotchedwa plugin, komwe aliyense ankaika yekha mu kompyuta yake. Mu 1995 kampani ya Sun Microsystems inatulutsa Java. Mu 1996 Macromedia inabweretsa Flash (musaisokoneze ndi flash yosungiramo mafayilo ija), ndipo Adobe inagula kampaniyo mu 2005. Microsoft inabwera mochedwa ndi Silverlight mu 2007, koma inatchuka msanga: wailesi ya kanema ya NBC inaigwiritsa ntchito poonetsa pa intaneti masewera a Olympics a ku Beijing mu 2008.

Kwa ife a Physical Science zimenezi zinali mwayi waukulu. Mu 2002 Carl Wieman, yemwe anapata mphotho ya Nobel mu 2001, anayambitsa PhET ku University of Colorado, kumene ankapanga zoyesera za sayansi zaulere mu Java ndi Flash. Labu yathu inali ndi ammeter ziwiri zokha, kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Tsono Loweruka ndinkakwera minibasi pa Chitakale kupita ku Limbe, kulipira mphindi mu internet cafe, kutsitsa zoyeserazo ndi ma plugin ake, n'kudzaziika mu kompyuta iliyonse payokhapayokha.

Kenaka ndinafuna changachanga, chotsata silabasi yathu. Silverlight 2, yomwe inatuluka mu Okutobala 2008, inkalola kulemba mu chinenero cha C#, ndipo zida zopangira zinalipo zaulere. Ndinadziuza kuti chinthu cha Microsoft sichingathe.

Chaka chomwecho chimene ndinalemba CD ija, mu Epulo 2010, Steve Jobs anatulutsa kalata yofotokoza chifukwa chake iPhone sidzalandira Flash: imatha batire, ili ndi mipata yolowera akuba, ndipo inapangidwira mawusi osati chala. Madandaulo otere ankakhudza ma plugin onse. Nthawi yomweyo browser inkaphunzira kuchita yokha zomwe plugin inkachita, kudzera mu HTML5, yomwe inavomerezedwa mu Okutobala 2014. Silverlight 5 ya mu 2011 inakhala yomaliza. Chrome inasiya kuilandira mu Seputembala 2015, Firefox mu Malichi 2017. Adobe inatseka Flash pa 31 Disembala 2020, ndipo Microsoft inasiya kusamala Silverlight pa 12 Okutobala 2021.

Ine zinandipweteka kwenikweni mu 2020, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19. Kuno ambiri timalowa pa intaneti ndi foni, ndipo browser ya pa foni sinkatsegula Silverlight. A PhET anali atayamba kale mu 2013 kulembanso zoyesera zawo mu HTML5, choncho ndinkangotumiza linki pa WhatsApp, mwana n'kutsegula pa foni ya mkulu wake. Langa lija, lomwe linali ndi mafunso a mtundu wa MSCE, sindinathe kutumizira ngakhale mwana mmodzi.

Njira zopulumutsira zakale zilipo. Za Flash zambiri zimatseguka ndi pulogalamu yotchedwa Ruffle. Za Silverlight kuli OpenSilver, koma imafuna code yoyambirira yomwe munthu analemba. Yanga inapita ndi laputopu yomwe inafa, ndipo ndinalibe kope kwina. Apa cholakwa ndi changa ndekha.

Ndinamanga nyumba pa malo obwereka, mwini malo atawafuna ndinatsala ndi makiyi okha. Tsono anzanga, lero kuli ma app ambiri omwe akutiitana kuti tiikemo manotsi ndi mafunso athu. Musanataye tulo, dzifunseni: kodi zidzatseguka pa foni wamba popanda kuikamo china? Nanga kampani ikatseka, ndingatulutse ntchito yanga? Sungani zoyambirira malo awiri, ndipo mafunso akhalenso mu PDF ndi papepala.

Mu kabati momwemo ndinapezanso buku langa la manotsi la 2006, chikuto chitadyedwa ndi mphemvu. Lolemba ndinaphunzitsira Fomu 3 lamulo la Ohm kuchokera m'menemo.