Kuyeza running back wa chaka choyamba: chitsanzo cha Saquon Barkley

Mpira wa ku America wa ligi ya NFL ndi wosiyana ndi mpira wa miyendo. Timu imapatsidwa mipata 4 kuti ipititse mpira patsogolo mayadi 10, ndipo yadi imodzi ndi masentimita 91. Running back ndi wosewera amene amalandira mpira m'manja kuchokera kwa quarterback n'kuthamanga nawo pakati pa adani ofuna kumugwetsa.

Poyeza running back watsopano, makochi amayang'ana zinthu zinayi: diso loona mpata msanga, mphamvu yosagwa akagundidwa, manja osataya mpira, ndi luso lotchinjiriza quarterback pamene akuponya.

Mu 2018, timu ya New York Giants inasankha Saquon Barkley wa ku yunivesite ya Penn State pa nambala 2 mwa osewera onse atsopano.

Mphamvu zake zinaoneka msanga. Anathamanga ndi mpira maulendo 261 n'kupeza mayadi 1,307. Anagwira mipira yoponyedwa 91, zimene running back wa chaka choyamba anali asanachitepo. Anagoletsa ma touchdown 15, iliyonse ya mapointi 6, ndipo analandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana kumbali yogoletsa.

Chofooka chake chinali kufuna ulendo wautali nthawi zonse. M'malo molowa pampata waung'ono n'kutenga mayadi 3 kapena 4, ankazemba uku ndi uku, nthawi zina n'kugwetsedwa asanapite patsogolo. Chaka chimenecho Giants inapambana masewero 5 okha mwa 16, ndipo ambiri anafunsa ngati kunali kwanzeru kutenga running back pamalo apamwamba choncho m'malo mwa quarterback.

Thupi nalonso limayesedwa, chifukwa running back amagundidwa kwambiri. Barkley anavulala kakolo mu 2019, ndipo mu 2020 anaduka mtsempha wa bondo pamasewero achiwiri okha.

Atasamukira ku Philadelphia Eagles mu 2024, komwe anapeza otchinga amphamvu omutsegulira njira, anathamanga mayadi 2,005 ndipo timuyo inatenga chikho cha Super Bowl mu February 2025. N'chifukwa chake akatswiri poyeza running back sawerenga mayadi ake okha, amaonanso anthu amene ali patsogolo pake.