Cigwa ca Luangwa ndi Alendo Ake

Mtsinje wa Luangwa ucokera ku mapiri a Mafinga, kufupi ndi malire a Malawi ndi Tanzania, ndipo uyenda makilomita oposa 700 kufikira uthira m'Zambezi pa Feira, pamene masiku ano pachedwa Luangwa. M'dzinja madzi ake asefukira, nagumula magombe, nasiya matamanda m'njira zake zakale. M'cilimwe mtsinje uphwa, mcenga uonekera, ndipo nyama za m'thengo zisonkhana pa madzi otsalawo. Ndiyo nyengo imene alendo a ku maiko akutali amafika kudzaona njobvu, njati, mvuu ndi mikango. Koma alendo amenewa sindiwo oyamba kutsikira m'cigwaci, ndipo aliyense wa iwo amene anawatsogolera anasintha moyo wa eni dziko.

Eni cigwa ndiwo Asenga ndi Abisa ca kumpoto, Akunda pakati, ndi Aambo pamodzi ndi Ansenga ca kumwera. Akuluakulu a Cikunda asimba kuti makolo ao anacokera kumadzulo, ku dziko la Aluba, motsogoleredwa ndi Mambwe. Popeza m'cigwa muli kashembe, anthuwa sanathe kuweta ng'ombe, cotero ndiwo zao zinali nsomba ndi nyama za m'thengo. Uzimba unali ndi malamulo ake. Mlenje sanali kulowa m'thengo osakumbukira mizimu ya makolo, ndipo akapha njobvu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mfumu, mwini nthaka.

Minyanga yomweyo ndiyo inaitana alendo oyamba. M'zaka zoyambirira za m'ma 1700 amalonda a Cipwitikizi anamanga msika pa Zumbo, patsidya pa Feira. M'caka ca 1798 Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete, naoloka Luangwa pa ulendo wopita kwa Mwata Kazembe, koma anamwalira ndi malungo caka comweco ali pafupi ndi mudzi wa mfumuyo. Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yake mu 1831. M'mwezi wa Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo. Pambuyo pake kunadza Acikunda ndi mfuti zao, otumidwa ndi eni malonda onga Matakenya, ndipo iwowa anali kufuna minyanga ndi akapolo pamodzi, pakuti kapolo ndiye anali kusenza mnyanga kupita nao ku msika.

David Livingstone anafika pa Zumbo mu Januwale 1856, napeza mabwinja a nyumba ya mapemphero ndi belu losweka. Pa ulendo wake wotsiriza anaolokanso Luangwa mu Disembala 1866, akucokera ku Nyanja ya Malawi kulinga kumpoto. Zimene iye analemba zinadziwitsa anthu a ku Ulaya za kucuruka kwa nyama m'cigwamo, ndiponso za kuipa kwa malonda a akapolo.

M'zaka za m'ma 1890 mliri wa ng'ombe unatsika kucokera kumpoto kwa Africa, nupha njati ndi nyama zina zosawerengeka. Njobvu nazo zinali zitacepa cifukwa ca mfuti. Kampani ya British South Africa itagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, inayamba kuika malamulo a uzimba, ndipo mu 1938 boma linapatula nkhalango zosungiramo nyama kumpoto ndi kumwera kwa cigwa. Nyama zinaswananso, koma mtengo wake unagwera anthu a m'midzi. Ena anasamutsidwa pa malo a makolo ao. Mlenje amene dzulo anali kulemekezedwa pa bwalo, tsopano anali wopalamula mlandu. Njobvu zitacuruka zinayamba kudya mapira ndi cimanga m'minda, kotero kuti boma linalemba anthu nchito ya kuombera njobvu zoononga.

Mmodzi wa anthu amenewa anali Norman Carr, wobadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912. Atayenda zaka zambiri m'midzi ya m'cigwa, anazindikira kuti munthu sangasunge cinthu cimene cimdyera munda koma osampatsa kanthu. M'caka ca 1950 anakambirana ndi Mfumu Yaikuru Nsefu ya Akunda, ndipo mfumuyo inabvomera kupatula mbali ina ya dziko lake, tsidya la kum'mawa la mtsinje, kuti nyama zisaphedwemo. Anamangapo misasa ya alendo, yoyamba yotere m'dziko lonse la Northern Rhodesia, ndipo ndalama zimene alendo anali kulipira zinali kupita kwa mfumu ndi anthu ake. Pa masiku amenewo ici cinali cinthu cacilendo, pakuti azungu ambiri anali kuganiza kuti nyama zisungika pokhapokha eni dziko ataikidwa kutali.

Carr anayambitsanso maulendo oyenda pansi, amene achukitsa Luangwa kufikira lero. Alendo owerengeka amanyamuka mbandakuca, nayenda mondondozana, patsogolo pali msilikali wa nyama ndi mfuti yake pamodzi ndi mtsogoleri wodziwa thengo. Amaphunzira kuwerenga mapazi pa mcenga, kumva kumene mphepo ikucokera, ndi kuima cete njobvu ikatukula citamba. Nzeru zimenezi sizinacokere ku Ulaya ai. Ndizo nzeru za alenje a m'cigwa, ndipo ambiri a atsogoleriwo ndi zidzukulu zao. M'nkhalango za mitsanya ndi pansi pa mivunguti mlendo amaonanso nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse koma m'cigwa ca Luangwa.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nkhalangozo zinakhala m'manja mwa boma la Zambia, ndipo mu 1972 zinasanduka malo a dziko lonse osungiramo nyama: South Luangwa wa makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, ndi North Luangwa wa makilomita 4,636. Dziko la Nsefu lija linalowa m'South Luangwa. Koma zaka zotsatira zinali zowawa. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, boma linasowa ndalama zolipira asilikali a nyama, pamene mtengo wa minyanga unali kukwera kunja. Magulu a anthu onyamula mfuti za nkhondo analowa m'cigwa. Njobvu zinaphedwa zikwi zambirimbiri, ndipo cipembere cakuda cinatheratu, kotero kuti mu 1998 kunalengezedwa kuti m'Zambia simunatsale ngakhale cimodzi. Anthu ambiri a m'midzi anangopenya, pakuti nyamazo zinali zitachedwa za boma, ndipo mwini munda wodyedwa ndi njobvu sanaone cifukwa ca kuzilirira.

Tsoka limeneli linabwezera akuluakulu ku maganizo a Nsefu ndi Carr. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anayamba kugawira midzi yozungulira nkhalango gawo la ndalama zocokera ku nyama, ndipo lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa mabungwe a m'midzi oyang'anira cuma cimeneci. Carr anamwalira mu 1997, asanaone zipembere zikubwera. Mu 2003, ndi cithandizo ca Frankfurt Zoological Society, zoyamba zinafika pa ndege ku North Luangwa kucokera ku South Africa, ndipo zaswana kumeneko. Mu 2019 boma linaleka maganizo a kuchinga mtsinje pa Ndevu Gorge, anthu ambiri atadandaula, cotero Luangwa akali kusefukira ndi kuphwa monga mwa nyengo zake.

Mlendo wa masiku ano amatsikira ku Mfuwe pa ndege, kapena pa mseu wocokera ku Chipata, kumene kale kunali kuchedwa Fort Jameson. Atatha kuona nyama amapita ku midzi ya Akunda kukadya nsima, kumva ng'oma ndi kugula zosema ndi nsalu. Akafika pa nyengo yake amaonanso mwambo wa Malaila, umene usonkhanitsa mafumu onga Nsefu, Kakumbi, Jumbe, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu apeza nchito ya kutsogolera alendo, kuphika ndi kulonda nyama. Komabe si nyumba zonse zimene ndalamazo zifikako. Mlimi akali kugona ku msasa wa kumunda, akuocha tsabola kuti utsi wake uingitse njobvu, ndipo ng'ona zikali kugwira asodzi pa madooko.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Wa minyanga anapita, wa akapolo anapita, ndipo wa masiku ano amakhala sabata imodzi nabwerera kwao. Otsala ndiwo eni cigwa, ndipo zaka zonsezi zaonetsa kuti nyama za m'Luangwa zikhala bwino pamene iwo ali ndi mau pa izo ndi gawo la phindu lake. Nchito ya kusunga pangano la 1950 lija tsopano ili pa ana ao amene aphunzira sukulu.