Ulendo wa ku Touba, agogo ali pampando wakutsogolo

Mwezi wa Safar pa kalendala ya Chisilamu ukafika, mzinda wa Dakar umapepuka. Mabanja amakhoma zitseko, agogo n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, adzukulu n'kudzipanikiza kumbuyo, nkhosa ndi matumba a mpunga zili padenga la basi. Onse akuloza ku Touba, pafupifupi makilomita 200 kum'mawa, kumene kumachitikira Magal, msonkhano wa Asilamu a gulu la Mouride umene umasonkhanitsa anthu mamiliyoni.

Chodabwitsa n'chakuti chisangalalo chonsechi n'chokumbukira tsiku limene mtsogoleri wawo anachotsedwa pakati pawo. Cheikh Ahmadou Bamba anayambitsa Touba mu 1887, pamalo pomwe panali tchire. Atsamunda a ku France ataona anthu akukhamukira kwa iye, anachita naye mantha, ndipo mu 1895 anamukweza sitima yapamadzi n'kukamutaya ku Gabon, kumene anakhala mpaka 1902. Munthuyu sanagwirepo mfuti. Masautsowo anawalandira ngati mayeso ochokera kwa Mulungu, n'chifukwa chake anauza omutsatira kuti pa 18 Safar, tsiku limene ulendowo unayamba, azithokoza. Mpaka lero agogo amasimbira adzukulu m'basimo kuti Afalansa atamuletsa kupemphera m'sitima, anayala mkeka wake panyanja n'kupempherera pamadzi. Olemba mbiri angatsutse, koma chithunzi cha nkhaniyi chili pamakoma ambiri ku Senegal.

Poyamba aliyense ankathokozera kwawo. Mwana wa Bamba, Serigne Fallou Mbacké, yemwe anakhala khalifa (mtsogoleri wa gulu la Mouride) kuyambira 1945, ndiye anaitana anthu onse kuti azikumana ku Touba komweko.

Mzikiti waukulu wa ku Touba, umene alendowa amaukhamukira lero, unamangidwa ndi thukuta la alimi a mtedza. Bamba atamwalira mu 1927 ku Diourbel, kumene Afalansa ankamuyang'anira, anaikidwa ku Touba. Omutsatira anayala njanji kuchokera ku Diourbel kuti simenti ndi zitsulo zifike, ambiri akugwira ntchito popanda malipiro. Ntchito inatenga zaka zoposa 30. Mzikitiwo unatsegulidwa mu 1963, Pulezidenti Léopold Senghor, yemwe anali Mkatolika, ali pomwepo. Nsanja yake yaitali, ya mamita pafupifupi 87, imatchedwa Lamp Fall polemekeza Cheikh Ibra Fall, wophunzira wa Bamba amene anayambitsa gulu la Baye Fall, anthu a tsitsi lopota ndi zovala za zigambazigamba.

Gogo wa zaka 80 lero anali wachinyamata tsiku lotsegulira lija, ndipo mwina anafikako pa lole kapena pa sitima yapamtunda, fumbi lili mbuu. Adzukulu ake amadutsa pamsewu waukulu wolipira wa Ila Touba, wotsegulidwa mu 2018. Chimene sichinasinthe ndi chakudya. Eni nyumba amapha ng'ombe, nkhosa ngakhale ngamila, ndipo mlendo amagona ndi kudya pakhomo limene wafikira. Khofi wa Touba, wothira tsabola wotchedwa djar, amatsanulidwa usana ndi usiku. Mowa ndi fodya n'zoletsedwa mumzindamo.

Mavuto saleka kubwera nawo: ngozi zapamsewu, kuchepa kwa madzi, komanso kusefukira Magal ikagwa m'nyengo ya mvula, popeza tsikulo limabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Tsiku la Magal ndi tchuthi cha boma m'dziko lonse la Senegal.