Mseu wa Amtengatenga: Ulendo wa ku Chambeshi ndi ku Mbala

Ife tonse amene tinakhalapo pa benchi la sukulu timadziwa kuti Nkhondo Yaikulu Yoyamba inatha pa 11 November 1918. Cotero tinaphunzitsidwa, ndipo cotero tinayankha pa mayeso. Koma ndi owerengeka pakati pathu amene anauzidwa kuti m'dziko lathu lino mfuti zinali kulirabe tsikulo litapita, ndi kuti asilikari otsiriza a Jeremani anatula zida zao ku Mbala patapita masabata awiri athunthu. Kwa nthawi yaitali ndinalakalaka kuona malo amenewa ndi maso anga. Ndinalinso ndi cifukwa cina ca pa mtundu pathu. Agogo anga akazi, kwathu ku Chipata, ankasimba za mbale wa atate ao amene anatengedwa ndi amesenjala a Boma kukasenza katundu wa nkhondo, ndipo sanabwerenso. Dzina lace agogo sanalisunge, pakuti iwo anabadwa munthuyo atapita kale. Cimene anadziwa ndi ciwongo cokha, kuti anali a Phiri.

Tsono nditalandira chuti m'mwezi wa November, ndinanyamuka ku Lusaka pamodzi ndi mnzanga wina, mphunzitsi, mwini kagalimoto kokalamba koma kosatopa. Mvula zoyamba zinali zitagwa, pfumbi litagona, ndipo anthu anali kalikiriki m'minda ya m'mbali mwa mseu.

Wofuna kumvetsa ulendo uwu ayambire pa Kabwe, pamene kale pankachedwa Broken Hill. Njanji inafika pamenepa m'caka ca 1906. Nkhondo itabuka mu 1914, malire a dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, anali pa mtunda wa makilomita oposa 800 kucokera ku njanjiyo. Pakati ponsepo panalibe mseu wa galimoto, ndipo ng'ombe za ngolo sizikadatha kupyola cifukwa ca kashembe. Cotsala cinali mutu wa munthu. Ine ndine kalaliki, ndipo owerenga andikhululukire ndikacita masamu pang'ono. Mtengatenga mmodzi ankasenza katundu wa mapaundi 60, ndiwo makilogalamu 27. Pa tsiku ankayenda makilomita ngati 24, nadya phoso la mapaundi awiri ndi theka. Ngati katundu waceyo anali ufa, ndiye kuti m'masiku 24 iye mwini akadaudya wonse, asanafike kumene kunali asilikari, ndiponso wopanda kamba wa pobwerera. Cifukwa cace pa munthu mmodzi wofikitsa cakudya ku nkhondo panafunika anthu ambiri osenzera cakudya anzao osenza. Apa mpamene panagona tsoka la midzi yathu. Boma la masiku amenewo, limene linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, linaumiriza mafumu kupereka amuna, ndipo amuna anapita zikwizikwi, minda nkutsala ndi akazi ndi nkhalamba.

Pofuna kupeputsa bvutoli Boma linayesa njira ziwiri. Katundu wina ankacokera ku Ndola kufika ku mtsinje wa Luapula, ndipo kumeneko ankalowa m'mabwato oolotsa m'madambo a Bangweulu, nakwera mtsinje wa Chambeshi mpaka pafupi ndi Kasama. Njira inzace inali kulambula mseu wa galimoto wopita kumpoto, nchito imene inacitika ndi makasu ndi nkhwangwa mu 1915 ndi 1916. Mseu waukulu wa kumpoto umene tiyendamo lero ndi mdzukulu wa mseu umenewo. Ndinauza mnzanga kuti, "Aphunzitsi, pondani mafuta mwaulemu, pano panapita anthu ndi mapazi." Iye anaseka, koma tinayenda mtunda ndithu osalankhulana.

Kupitirira Kapiri Mposhi ndi Mkushi dziko limayamba kukwera, ndipo nkhalango za mitondo ndi miombo zimatambalala mpaka pamene diso lilekezera. Titadutsa Serenje tinapatuka kulowa mseu wa ku Samfya, kuti tikaone ciriza ca David Livingstone m'dziko la Mfumu Chitambo. Amenewa si malo a nkhondo, koma ndikondwera kuti tinapitako. Livingstone anamwalira kumeneko mu May 1873. Anyamata ace anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, naumika thupi, nalisenza miyezi isanu ndi inai kufikira ku Bagamoyo m'mbali mwa nyanja ya mcere. Ciriza cimene ciripo cinamangidwa mu 1902, ndipo cigawo ca mtengowo cimene anazokotapo malemba cisungidwa ku London. Cimene cinandigwira mtima ndi ici: osenza a ulendo umenewo ena tiwadziwa maina. Mwana wa sukulu ali yense anamvapo za Susi ndi Chuma, ndipo ena anamvanso za Jacob Wainwright amene anazokota malembawo. Iwo anasenza mtembo wa munthu wochuka, ndipo mbiri inawasunga pamodzi naye. Madzulo ace tinaima pafupi ndi nkhalango ya Kasanka kuona mileme yosawerengeka imene imasonkhana kumeneko nyengo yomweyi caka ndi caka. Kumwamba kunada ngati kukudza mvula.

Pa Mpika mseu umagawikana, wina kunka ku Nakonde, wina ku Kasama. Ife tinagula mphalabungu zouma kwa amai a pamsika, titatsutsana nao mtengo m'Cibemba cathu copunduka, ndipo tinalunjika ku Kasama. Makilomita ngati 80 usanafike m'tauniyo uoloka Chambeshi, mtsinje wodekha wa madzi akuda, umene uli mutu weniweni wa mtsinje waukulu wa Congo. Tsidya lija, pafupi ndi ulalo, pali cikumbutso cimene tinadzera.

Kuti timvetse za malowa tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mkulu wa asilikari a Jeremani kuno kum'mawa kwa Afirika anali Paul von Lettow-Vorbeck. Iye anadziwa kuti sangagonjetse Angerezi, koma anatsimikiza mtima kuwatangwanitsa kuti asilikari ao asapite ku Ulaya. Atapanikizidwa m'dziko lace, anaoloka mtsinje wa Rovuma pa 25 November 1917 nalowa m'dziko la Apwitikizi la Mozambique, kumene anazungulira miyezi khumi, adani ali pambuyo pace. Ambiri a omlondolawo anali asilikari a King's African Rifles a ku Nyasaland, olankhula cinenero cathu comwe cino. Iwo nkhondoyi anaicha ya Ciwaya, potsata kulira kwa mfuti ija yolabvula zipolopolo mosalekeza. Kumapeto kwa September 1918 anabwereranso m'dziko lace, ndipo poyamba pa November anatulukira kwathu kuno pa Fife, pafupi ndi Nakonde wa lero. Anatsikira ku Kasama, kumene Angerezi anali atathawako, ndipo otsogola ace anafika pa Chambeshi, pamene panali fakitale ya mphira, nayamba kuomberana ndi alonda ace. Pa 13 November asilikari ace anagwira mthenga wa Angerezi wokwera njinga ya moto, ali ndi makalata onena kuti nkhondo yaleka ku Ulaya. M'mawa mwace, Lacinai pa 14 November, nthawi ya 7.30, iye anakomana pa mtsinjewu ndi Hector Croad, bwana wa Boma la Kasama, amene anamtsimikizira mauwo.

Cikumbutsoco cinabvundukulidwa pa 14 November 1953. Ndi nsanja ya miyala, ndipo pali mzinga wakale ndi malemba osimba za kukomanako. Maina a akulu awiriwo alembedwa bwino lomwe. Azungu ambiri olemba mabuku amtama Lettow-Vorbeck kuti anali ngwazi yosagonja, ndipo za ucenjezi wace pa nkhondo ine sinditsutsa. Koma gulu la anthu zikwi loyenda popanda nkhokwe zace limadya za eni dziko. Pamene iye anadutsa, nkhokwe zinatsala zapululu ndi amuna anagwidwa kuti asenze. Ndipo pamene anadutsa omlondola, cotsala cinatengedwanso. Mai wa m'mudzi wa m'mbali mwa Chambeshi m'caka cimeneco, mvula iri pafupi ndi mbeu zitadyedwa, sindikhulupirira kuti anaona ngwazi mbali iri yonse.

Mtsinje womwewu unaonanso nkhondo yaciwiri m'masiku a atate athu. Mu October 1979 asilikari a Rhodesia anadza mobisika naphulitsa maulalo onse awiri a pa Chambeshi, wa mseu ndi wa njanji ya TAZARA, kuti atseke njira ya Zambia yopita ku Dar es Salaam.

Ku Kasama tinangogona. Kucokera kumeneko kunka ku Mbala ndi makilomita ngati 165, ndipo ndiwo mtunda wokongola koposa pa ulendo wonse: zitunda zazitali za msipu, mphepo yozizira, ndi mitambo yoyenda pafupi ndi mutu. Mbala ndiye Abercorn wakale, ndipo nkhondo m'dziko lathu inayambira pomwepa ndi kuthera pomwepa. Mu September 1914 Ajeremani anazinga taunyi. Apolisi owerengeka a Northern Rhodesia Police anadzitsekera m'ndende ya Boma nalimbikira, kufikira anzao anafika kucokera ku Kasama, atayenda mtunda wonse uja pansi m'masiku atatu. Caka cotsatira, mu July ndi August 1915, linga la Saisi kum'mawa kwa Mbala linazingidwa koposa sabata, ndipo apolisi athu pamodzi ndi asilikari a ku Congo ya Abelijiamu sanalipereke. Tiyenera kukumbukira kuti mbali zonse ziwiri oombera ndi oomberedwa anali anthu akuda, olamulidwa ndi Azungu owerengeka.

Lolemba pa 25 November 1918 Lettow-Vorbeck analowa mu Abercorn napereka gulu lace kwa General Edwards. Anali ndi Ajeremani 155 ndi asilikari akuda 1,168, ndiponso amtengatenga oposa cikwi, ndi akazi ndi ana amene anatsata amuna ao ulendo wonsewo. Anthu a ku Mbala amasimba kuti zida zambiri zinaponyedwa m'kanyanja ka Chila, kamene kali m'mphepete mwa tauni, ndipo mu November 2018 kunacitika mwambo waukulu wokumbukira zaka 100 za tsikulo. Zotsala za nkhondoyi zimaonekanso m'nyumba yosungiramo zakale ya Moto Moto, imene inayamba ndi zinthu zosonkhanitsidwa ndi wansembe wa ku Canada, Bambo Jean-Jacques Corbeil. Ogonjawo sanapeze mpumulo: nthenda ya fuluwenza inali itafika kale, ndipo inapha ambiri a iwo ali m'misasa ya ukaidi, monganso inapha anthu m'midzi yathu pamene amtengatenga anabwerera kwao. Asilikari akuda a Jeremani amene anakhala ndi moyo kufikira 1964, caka cimene mkulu wao anamwalira ndi cimene ife tinalandira ufulu, analandira ndalama kucokera ku Boma la West Germany. Anali atatsala ocepa.

Tsiku lina tinatsika phiri kunka ku Mpulungu, pa nyanja ya Tanganyika, kumene kutentha kunatilandira ngati ng'anjo. Tinaona makoma a calici ca miyala ca Niamkolo, comangidwa ndi a London Missionary Society m'zaka za m'ma 1890, cimene cinasiyidwa cifukwa ca nthenda ya kaodzera. Pa dooko limeneli kwa zaka zambiri pankakoceza sitima ya Liemba, imene poyamba inali ya nkhondo ya Ajeremani, dzina lace Graf von Goetzen. Eni ace anaimiza dala pafupi ndi Kigoma mu 1916, Angerezi naibvuula, niyambanso kuyenda mu 1927. Tinafikanso ku mathithi a Kalambo pa malire ndi Tanzania, kumene madzi agwa mamita oposa 200 kamodzi kokha, ndipo mnzanga, amene aopa malo atali, anaonera ali cikhalire.

Mwala umodzi ndinausiya dala kufikira m'mawa wa tsiku lobwerera. M'tauni ya Mbala muli cikumbutso ca amtengatenga a Northern Rhodesia amene anaphedwa kapena kufa ndi mabala ndi nthenda pa nkhondoyi. Ciwerengero cao calembedwa: 1,467. Maina palibe. Mu April 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ambiri a iwo a kuno ku Afirika, sanakumbukiridwe ndi maina monga anacitira ndi Azungu, ndipo linapepesa.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndiri kuganiza monga munthu wa m'ofesi. Ciwerengero cotere, cothera pa 7, munthu sacilota. Cioneka kuti kalaliki wina wonga ine anakhala pa tebulo ndi mabuku a maboma, nawerenga mzere ndi mzere, naonkhetsa. Ngati ndi tero, pa tsiku limenelo maina ena analipo pa pepala, pamodzi ndi midzi yao ndi mafumu ao, ndipo cimene cinatumizidwa kwa osema mwala ndi cionkhetso cokha. Ine ndemwe ndacita zotere kawirikawiri pa nchito yanga, kutumiza nambala kumwamba ndi kubweza faelo m'kabati, osaganizapo kanthu.

Ngati a Phiri athu anagwera pa njira iyi, ndi kamwazi kapena cibayo monga anagwera ambiri, ndipo kapitao wao anakumbukira kukanena ku Boma, ndiye kuti ali m'kati mwa nambala imeneyo. Ndinalemba nambalayo m'kabuku kanga kuti ndikawauze abale ku Chipata pa Khrisimasi. Mnzanga analiza hutala, pakuti kumwera kunali kutada ndi mvula, ndipo tinafuna kuoloka Chambeshi dzuwa lisanalowe.