Mwala Umene Ankaufunafuna M'chipululu

Adzukulu anga, kamwala kamene mumakaona pamphete ndi pandolo za amayi anu, kamtundu wa maluwa a jakaranda a mu Okutobala, ndi ametusito, ndipo anthu akale anakakhetsera thukuta losaneneka.

Zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, mafumu a ku Iguputo, Mentuhotep IV ndi Senusret I amene anadza pambuyo pake, ankatuma anthu awo ku Wadi el-Hudi, m'chipululu cha kufupi ndi Aswan, kumene kulibe mtsinje, kulibe mtengo woti munthu n'kuusapo. Ankachoka ku Nailo ndi abulu osenza madzi ndi buledi, asilikali ali pambali, poti ankaopa achifwamba a m'chipululu monga ankaopera ludzu, ndipo pofika ankagona m'mipanda ya miyala yosanjikiza. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha; iwonso ankangoponda mchenga wotentha mpaka kukafika. Ambiri analemba mayina awo pamatanthwe, napempha mulungu wawo wamkazi Hathor kuti awasunge, ndipo zolembazo zikuwerengeka mpaka lero. Zimandikhudza mtima zimenezi, ana inu, chifukwa mikanda ndi zithumwa zinkapita kwa olemera, okumbawo n'kutsala ndi matuza m'manja.

Agiriki nawo ankati wovala mwalawu saledzera, ngakhale atachezera vinyo usiku wonse. Mwalawu unalinso pachovala cha pachifuwa cha Aroni wa m'Baibulo, mumzere wachitatu, ndipo mabishopu akhala akuuvala pamphete kwa zaka mazanamazana. Kale unkawerengedwa pamodzi ndi miyala ya mafumu, kufikira m'zaka za m'ma 1800 pamene unapezeka wochuluka ku Brazil, mtengo n'kugwa. Paja chikachuluka chimapeputsidwa.

Si wachilendo kwathu kuno. Ku Mapatizya, kum'mwera kwa Zambia chakufupi ndi nyanja ya Kariba, akhala akuukumba kuyambira m'ma 1950, ndipo wakumeneko amalonda amaukonda chifukwa cha kuderako kwake kozama. Mtunduwo umachokera ku kachitsulo kochepa kobisika mkati mwa mwala wonyezimira, ndipo mwalawu ndi wolimba moti umakanda galasi. Koma moto umausandutsa wachikasu, dzuwa la nthawi yaitali limaufwifwitsa. Mukapatsidwa mphete yake paukwati, muziivula popita kumunda, muisunge m'kansalu.