Chigwirizano pa Maliro

Chigwirizano ndi bungwe la amayi a mpingo wa CCAP m'Sinodi ya Nkhoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1940. Ku Kasungu, zovuta zikagwa, amayiwa amasiya fodya m'chigafa nkuthamangira kusiwa, atavala mpango woyera, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda. Amachezera kuimba atazungulira bokosi, amatonthoza anamfedwa, ena akutunga madzi ndi kuphika, adzukulu akukumba kumanda.

Utumikiwu uli ndi mizu m'Malemba. Pa Maliko 16:1, Mariya wa Magadala, Mariya amake wa Yakobo ndi Salome adagula zonunkhira zokadzoza thupi la Yesu. Pa Machitidwe 9, amasiye a ku Yopa adalira Dorika.